Garaji ya Ababa Pokhotera Chapa

Tembisa, 9 Marso 2025

Ababa,

Landirani moni wanga inu ndi amayi, mlongo wanga Dércia amene akukuwerengerani kalatayi, ndi onse a pakhomo. Ine kuno ndili bwino, m'thupi mulibe chovuta. Ndikudziwa kuti kumeneko mwayamba kukukuta mondokwa, ine kuno ndikungomeza malovu.

Kalatayi ndapatsira a João, mnzanga uja woyendetsa kamiyau, lole yonyamula katundu yopita ku Zambia kudzera pa Cassacatiza. Aisiya pamphambano, pa baraka, kagolosale kaja ka a Lonjezani, pamodzi ndi bulangeti la amayi ndi kandalama pang'ono. Foni mumaikana, mumati mawu a pa foni alibe ulemu, ndiye tizingolemberana chonchi.

Nkhani imene yandikondweretsa ndi ya chapa, minibasi ija yonyamula anthu. Dércia anakwera pachulu paja pamene pamagwira redi ya foni n'kundiuza kuti chapa ya a Abílio tsopano ikumafika mpaka kwathu Lachiwiri ndi Lachisanu, n'kumakhotera pabwalo la pakhomo panu pamene msewu umathera. Aa, koma mayi Albina ndi gulu lawo la kutchalitchi si anthu amasewera! Zaka zonsezi tinkangoti msewu wathu ndi wa njinga ndi mbuzi, iwo atenga makasu, akwirira maenje, mpaka motorista, woyendetsa chapayo, wavomera. Mukawathokoze m'malo mwanga.

Ndiye amayi asayendenso wapansi pokatenga mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi ku Mualadzi. Pa ndalamazo mupatule ya chapa mwezi uliwonse. Ndimawadziwa amayi, amanga ndalamayo pansonga ya nsalu n'kuuyamba ulendo wapansi, ati kusunga. Muwakweze nokha m'chapamo, muone ndi maso anu kuti akhala pansi.

Ntchito ndi yomwe ija ya magalimoto. Tsiku lonse ndimakhala m'magalimoto, ababa, a mitundu yonse, ena simunawaonepo ngakhale ku Tete. Zina za kuno sizofunika kalata, tidzakamba pamaso.

M'kalatamu muli foto. Muione bwinobwino, kenako mukawaonetse amalume a Sérgio, aja anaima pamaliro a agogo n'kunena anthu onse akumva kuti Estêvão anapita ku Joni wapansi ndipo adzabwerako wapansi. Muwafunse ngati maso awo akuonabe.

Ndine mwana wanu,
Estêvão

Dércia, apa usawerenge mokweza, pinda pepala. Galimoto ya pa fotoyo si yanga, ndipo kunena zoona si galimoto n'komwe. Ine ndimagwira ntchito pamalo potayira magalimoto akufa, timawaphwasula n'kugulitsa zitsulo. Yoyera imeneyo ilibe injini, kumbuyo yakhalira njerwa. Mnzanga Dziko, amene timagona chipinda chimodzi, anajambula chakutsogolo kokha ine nditatulutsa chigongono pawindo ngati bwana. Tinaseka mpaka misozi. Ndikungofuna amalume atseke pakamwa mwezi umodzi basi. Ukaulula, nsapato zija unapempha uiwale.

Tembisa, 4 Mayu

Ababa,

Moni kwa inu, amayi ndi onse. Ndamva kuti mwadzuka bwino ndipo mwayamba kukolola, Mulungu ayamikike. Ine ndilipo, kungoti chisanu chayamba kulowa m'mafupa, ndipo kachipinda kathu ndi ka malata mbali zonse.

Ndatumiza ya matumba ndi ya mankhwala a anankafumbwe. Chimanga musagulitse pano ayi, ogula a nthawi ino ndi akuba ovala bwino. Dikirani mpaka Setembro, ndipo popeza chapa ikufika pakhomo, mudzakagulitse nokha ku Mualadzi, osati kwa aja obwera ndi sikelo yawo.

Ndamva kuti foto ija mwaiika m'galasi n'kuipachika pafupi ndi chithunzi cha Mtima Woyera, ndipo anthu akumabwera kudzaiona akatuluka mu Misa. Ndamvanso kuti mwaumba njerwa, ati za nyumba yogonamo galimoto. Ababa, musathamange. Chonde ndithu, musathamange.

Galimoto ndi mlendo wosalima koma wodya kwambiri. Izi sindikuchita kumva, ndimaona ndi maso. Mnzanga Dziko anagula yake chaka chatha, anatichitira matama sabata zitatu, sankatipatsa ndi moni womwe. Kenako lero tayala, mawa batire, mkuja gazolina yakwera. Pano yaima pakhomo mwezi wachinayi, nkhuku za mwini nyumba zikuikiramo mazira, mwini wake akukwera tekisi ndi ine m'mawa uliwonse ali chete. Ndiye ndi kuno kumeneku, kumene mekaniko ali paliponse. Nanga kwathuko ikadzatsokomola tidzaitana ndani? Asing'anga?

Njerwazo mumangire amayi khitchini. Ija inayamba kudontha ine ndili ku sikola, ndipo amayi amaphika atafunda thumba pamutu. Za galimoto tidzakamba ndikabwera pa Natale, Khirisimasi ikubwerayi, ife awiri, titakhala pansi.

Sabata yatha kunali chipwirikiti kuno mu lokeshoni, masiku awiri sitinatuluke. Koma zatha, musade nkhawa, ndipo amayi musawauze.

Mwana wanu,
Estêvão

Dércia, zafika pati kodi? Ine ndinati mwezi umodzi, sindinanene za njerwa. Uwauze kuti magalimoto a ku Joni anazolowera kugona panja, akaikidwa m'nyumba amachita dzimbiri. Uwauze chilichonse, iwe pakamwa suchepa. Ndipo usaseke, ine tulo tayamba kundithawa.

Tembisa, 22 Junyu

Ababa,

Ndikupatsani moni nonse. Ndikhulupirira kuti chifuwa chija chakusiyani. Ine m'thupi ndili bwino, koma mtima suli m'malo, ndipo sindizungulira.

Dércia wandiuza zonse. Garaji mwaimanga pabwalo penipeni, pamene chapa imakhotera, n'kufolera ndi malata aja ndinatumizira denga la nyumba yaikulu. A Abílio atafika anasowa potembenukira, anabwerera chambuyo mpaka kukhwawa, tayala linatsala pang'ono kugwera m'chigwembe anthu akukuwa m'katimo. Alumbira kuti salowanso. Tsopano akumathera pa baraka ya a Lonjezani, mtunda wa maola awiri wapansi. Mayi Albina atabwera kudzadandaula, akuti munawayankha kuti bwalo ndi lanu, ndipo pa Natale mwana wanu azidzanyamula mudzi wonse ulere.

Bwalo ndi lanu, zoona, palibe akukana. Koma tiyeni tiganize ngati akulu. Ine ndimakhala kuno miyezi khumi ndi umodzi pa chaka. Woyendetsa galimotoyo adzakhala ndani? Inu? Kapena amalume a Sérgio, amene njinga yomwe imawagwetsa pamchenga?

Ndikuuzeni zimene ndimaona m'mawa uliwonse. Tekisi ya kuno ndi chapa yomweyo, timakweramo anthu khumi ndi asanu. Tikafika pamsewu waukulu, magalimoto ndi osawerengeka, mizere inayi, onse ali chiimire. Ukasuzumira, m'galimoto iliyonse muli munthu mmodzi, nkhope ili gwaa, akumenya chiwongolero. Aliyense anagula yake kuti azifulumira, ndiye onse atsekerezana njira. Anthu a m'magalimoto khumi ndi asanu akanakwana mu tekisi yathu imodzi, msewu n'kutseguka, koma ayi, aliyense akufuna aoneke.

Kumene amakhala abwana athu kulibe basi, kulibe tekisi, kulibe ndi kanjira ka wapansi komwe. Tsiku lina galimoto yawo itafa anachita kundiimbira foni kuti ndiwagulire buledi. Munthu wamkulu, wandevu, kulephera kufika pagolosale! Azimayi otsuka m'nyumba zawo amayenda m'maudzu m'mbali mwa msewu, magalimoto akuwapemerera mphepo, ndipo chaka chino awiri anagundidwa, sanafike kunyumba. Ndiwo moyo tikufuna kutengera kwathu umenewo?

Chapa siifunsa kuti uyu ndi mwana wa ndani. Ukalipira wakwera, kaya ndiwe katekista kaya ndiwe wa kudambwe. Koma galimoto ya munthu mmodzi uyenera kugwada kaye, ndipo tsiku limene mwayambana pa nkhani ya mbuzi yodya chimanga, wodwala wako agona pakhomo. Inu nomwe munandiphunzitsa kusakonda kupempha. Nanga bwanji mukufuna mudzi wonse uzidzapempha kwa ife?

Gwetsani khoma lakutsogolo ndi lam'mbali, chapa ipeze potembenukira. Ndikupempha ndi ulemu wonse, koma sindisiya kupempha.

Mwana wanu,
Estêvão

Dércia, usandiopseze kuti uulula. Ndikudziwa kuti ndinayambitsa ndine, suchita kundikumbutsa pa meseji iliyonse. Ndipatse miyezi iwiri. Ndili ndi nzeru ina, ikatheka palibe achite manyazi.

Tembisa, 17 Agosto

Ababa,

Moni nonse. Mukhululuke zilembo zokhotakhota, ndikulemba ndi dzanja lamanzere. Lamanja ndinadzipweteka pang'ono pa ntchito, si zoopsa, alimanga. Mwezi uno ndatumiza zochepa chifukwa sabata zitatu sindinagwire.

Za amayi ndamva. Mwezi wa Julyu sanapite kukatenga mankhwala chifukwa cha mtunda, mwezi uno anaumirira wapansi, chizungulire chinawagwira pakhwawa, anagwa. Akuti anawatola ndi akatekista n'kuwakankha pa njinga mpaka pamphambano. Ababa, munthu amene miyezi inayi yapitayo ankakwera chapa pakhomo pake penipeni.

Yankho lanu a João andipatsa. Mwati ndisakuphunzitseni za bwalo lanu, ndingobwera nayo galimotoyo msanga amayi apume. Ndamva. Lero sinditha kulemba zambiri, dzanja latopa.

Mwana wanu,
Estêvão

Dércia, nzeru ija yandidya zala. Ndinapempha abwana kuti Lamlungu lililonse ndizikonza galimoto yoyera ija. Ndinatola zitsulo m'magalimoto atatu akufa, ndinkafuna bodza lija lisanduke zoona, ndibwere nayo ndithu pa Natale ababa asachite manyazi. Tikukweza injini ine ndi Dziko, tcheni chinapulumuka. Zala ziwiri zapita, chapakati ndi chinzake. Usalire, ndipo amayi asamve.

Ndili pa benchi kuchipatala ndi pamene mutu unayamba kugwira ntchito. Ngakhale ikanalira, ikanafika bwanji? Malire awiri, mapepala a galimoto palibe, anga omwe ndi okayikitsa. Ndipo Dércia, ine sindidziwa kuyendetsa! Zaka zinayi ndikuphwasula magalimoto, sindinayendetsepo ngakhale imodzi. Ndinaseka ndekha pa benchipo mpaka nesi anabwera kudzandiyang'ana m'maso. Ndinali chitsiru, ndipo amene akulipira uchitsiru wanga ndi amayi. Kalata yotsatira idzakhala ina, ukonzekere.

Tembisa, 7 Setembro

Ababa,

Moni kwa inu, kwa amayi, ndi kwa onse amene akumva kalatayi. Ndikhulupirira kuti amayi miyendo yaphwa. Ine dzanja likupola.

Dércia, lero palibe zopinda pepala. Werenga zonse mokweza, usadumphe mzere. Ndakupempha kuti uitane mayi Albina ndi amalume a Sérgio akhalepo. Ababa, mukhululuke kuti ndaitanira anthu pakhomo panu osakupemphani. Bodza ndinanena pagulu, ndiye liyenera kufera pagulu.

Ine ndilibe galimoto. Sindinakhalepo nayo, ndipo pa Natale sindibwera nayo. Ija ya pa foto ndi chitsulo chakufa, ilibe injini, ilibe matayala akumbuyo. Ntchito yanga ndi yophwasula magalimoto otayidwa ndi nyundo ndi sipanala, ndimaweruka ndili bii ngati wootcha makala. Kuyendetsa sindidziwa. Foto ija ndinajambulitsa chifukwa mawu a amalume anandiwawa, ndinkafuna awameze. Amalume, munanena zoona, ndidzabwera wapansi. Sekani, ndi nthawi yanu.

Dércia ankadziwa kuyambira tsiku loyamba, koma ndinamutseka pakamwa ndine. Musamukalipire. Kangapo anafuna kuulula, ine ndikumuletsa. Dzanja limene ndinati ndadzipweteka pang'ono, zala ziwiri palibe, zinaduka ndikuyesa kudzutsa chitsulo chimenecho kuti musachite manyazi. Amayi, musalire, zitatu zatsalazi zikugwira supuni bwinobwino.

Ababa, ndakuchimwirani. Munaumba njerwa ndi msana wanu wodwalawo chifukwa munakhulupirira mwana wanu. Munayankha anthu mwamphamvu chifukwa cha ine. Manyazi amene mumve lero ndi anga, ndawasenzetsa inu, ndipo zikundipweteka kuposa zalazi. Mayi Albina, inu ndi gulu lanu munakwirira maenje dzuwa likuswa mtengo, ine ndakuphwanyirani ntchito ndi foto imodzi. Pepani.

Koma ndinene ichi, ngakhale ndilibe nkhope yonenera. Tiyerekeze kuti galimotoyo inalipo, yatsopano, yonyezimira. Ndikananenabe kuti garaji ichoke pamenepo. Galimoto imodzi ndi ya banja limodzi, ndipo imagona tsiku limene mwini wake wagona, kapena waledzera, kapena ali ku Joni. Chapa ndi ya amayi, ya Fernanda wa matimati amene madengu ake akuwolera pakhonde, ya ana a sekondale, ya mayi wapakati aliyense wa m'mudzimo. Kuno ndaona mzinda umene aliyense anati ndikhale ndi yanga, ndipo amene alibe yake amayenda m'maudzu ngati wakuba. Kwathu tili ndi mwayi, tikuyamba kumene. Tisayambe ndi kutsekera chapa njira.

Ndikupempha chinthu chimodzi chokha. Bwalo litseguke. Mukandikwiyira, ndikwiyireni chaka chonse, ndiyenera. Koma amayi akwere chapa mwezi wamawa.

Mwana wanu wolakwa,
Estêvão

Tembisa, 19 Otubro

Ababa,

Ndikupatsani moni, ngakhale wanga simukuyankha. Moni kwa amayi ndi Dércia. Ine ndili bwino, ndabwerera pa ntchito. Nyundo yaikulu sindikuigwiranso, andiika kosankha mawaya ndi mabawuti, malipiro atsika koma ndikudya.

A João abwera kawiri opanda kalata. Ulendo wachiwiriwu anandipatsa envulopu, ndinasangalala, ndinathamangira kuseri kwa magalimoto kuti ndikawerenge ndekha. M'katimo munali foto ija basi, yopanda mawu. Ndamva, ababa. Ndaiotcha.

Dércia akuti tsiku lija atamaliza kuwerenga munaimirira, munalowa m'nyumba, simunatuluke mpaka mawa lake. Akuti Lamlungu lachisanu tsopano simunapite ku Misa, inu amene simunajombepo ngakhale chaka cha kolera, chifukwa achinyamata a pa mpira akumakuitanani kuti abambo a galimoto. Akanakhala pafupi ndikanawaonetsa kuti zala zitatu zimamenyabe. Koma Misa musaisiye chifukwa cha ine. Apadiri akafunsa, muwauze kuti mwana ndiye ananama, bambo anangokhulupirira, ndipo kukhulupirira mwana si tchimo.

Amalume a Sérgio akuti sanaseke. Anangoti mwanayu wakula, n'kunyamuka. Zimenezo zandidabwitsa, ndinkayembekeza kuti aguba nayo nkhaniyo mpaka ku Nsadzo.

Koma garaji ikadali chiimire, ndipo ndi chifukwa chake ndikulembanso. Mwezi uno amayi anapita ku Mualadzi atakwezedwa pa njinga ndi Dércia, anagwa kawiri pamchenga. A Abílio auza mayi Albina kuti mvula ikagwa bwalo lisanatseguke, Lachiwiri ndi Lachisanu lathu alipereka kumudzi wina wa cha ku Nsadzo, kumene anthu akonza kale msewu ndipo akuwanyengerera ndi nkhuku. Akapita kumeneko sabweranso. Motorista wina wolola kulowa msewu wathu simumupeza, inu mukudziwa mmene unalili.

Ndikudziwa chimene chikukuvutani. Kugwetsa garaji anthu akuona kuli ngati kuvomera pamaso pa mudzi kuti munapusitsidwa. Ndiye ndikuti chonchi. Ngati manja anu akukana, nenani liwu limodzi kwa Dércia, gulu la mayi Albina ligwetse, inu mutapita kumunda. Ngati zimenezonso simukufuna, ndipempha tchuthi kwa abwana, andichotse ntchito kaya asandichotse, ndibwere ndigwetse ndekha ndi dzanja limodzi ndi theka, anthu aziseka ine. Koma popanda chilolezo chanu sindikhudza njerwa ngakhale imodzi, bwalo ndi lanu.

Ndatumiza ya mbewu ndi thumba limodzi la fetereza. Mukaibweza ndiitumizanso. Ndipo ndizilemba ulendo uliwonse wa a João mpaka mutatopa nane.

Mwana wanu,
Estêvão

Tembisa, 30 Novembro

Ababa,

Moni kwa inu, amayi, Dércia ndi onse a pakhomo. Ndamva kuti mvula yoyamba yagwa ndipo mwabzala. Ine ndili bwino, bala latsekeka, ndayamba kulembanso ndi dzanja lamanja, cholembera ndikuchigwira mwa mtundu wina koma chikuyenda.

Dércia anandiimbira ali pachulu, akulira, mpaka ndinaganiza kuti kwagwa maliro. Akuti Lolemba lina m'mawa munatenga makwerero, munakwera, munazula malata limodzilimodzi. Mayi Albina atatumiza amuna anayi kudzathandiza munawabweza, munati munamanga nokha, mugwetsa nokha. Masiku atatu, njerwa imodziimodzi, osaphwanya, n'kuzisanja kuseri kwa khitchini. Anthu akudutsa, ena kuima n'kumaonerera, inu osatukula mutu. Kenako munatenga khasu n'kusalaza pamene panali maziko, kuti tayala lisadzapunthwe.

Ababa, ndinakhala pa matayala akale n'kulira ngati mwana, Dziko anachita kundichotsa pamaso pa abwana. Zikomo. Ndikudziwa kuti simunachitire ine, koma zikomo.

Akuti Lachisanu lotsatira chapa inalowa ikuliza hutala kuyambira kukhwawa, inatembenuka pabwalo kamodzi kokha, amayi anakhala kutsogolo pafupi ndi a Abílio, madengu a Fernanda ali pamwamba. Akutinso inu simunaione, munalawira kumunda, ndipo mumatero Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse. Dzina langa simunalitchulebe, amayi akaliyamba mumatuluka panja. Sindikudandaula. Ndinati mundikwiyire chaka chonse, ndipo chaka sichinathe.

Mayi Albina muwauze, kapena Dércia awauze, kuti pakhwawa pakufunika miyala mvula isanakule, apo ayi tidzataya chapa chifukwa cha matope titaipulumutsa ku njerwa. Ndikafika ndidzasenza nawo. Anthu azikweranso ndithu, asamaumire, motorista sangalowe msewu wotere kudzanyamula anthu atatu.

Ndikubwera pa Natale. A João anati anditsitse pamphambano Lachinayi madzulo, ndilowe m'mudzi kachetechete anthu ali m'nyumba. Ndakana. Ndigona pa baraka ya a Lonjezani, ndidikire chapa ya Lachisanu pa 19 Dezembro, ija imadzaza ndi anthu ochokera kumsika. Ndidzalipira ngati wina aliyense, ndidzakhala kumbuyo pakati pa matumba, ndipo amene akufuna kufunsa za galimoto adzandifunse m'menemo, njira ndi yaitali, ndidzawayankha onse.

Ndidzatsika pabwalo panu masana, mudzi wonse ukuona, ndi chikwama chimodzi. Ngati mudzakhale mutapita kumunda, sindidzalowa m'nyumba. Ndidzakhala pansi pabwalo pomwepo mpaka mutabwera.

Ndine mwana wanu,
Estêvão